Aye wawo, ayi wanga

Kakhadi ka mu sutikesi

Mwezi watha tinkasaka satifiketi yobadwira ya mwana wanga wamkazi, nde tinatsitsa sutikesi ija ya pamwamba pa wodilopu, ija aliyense wa ife okhala kunja kuno ali nayo, momwe mumakhala mapasipoti otha ntchito, malisiti a ndalama zotumiza kumudzi, ndi zithunzi za maliro omwe sitinapiteko. Satifiketiyo sitinaipeze tsiku limenelo. Chomwe mwanayo anavumbulula ndi kakhadi koyera kopindika pakati, pali dzina langa, adiresi yathu yakale ya ku Govan mu Glasgow, ndi tsiku la rifarendamu ya ku Scotland: Lachinayi, 18 September 2014.

Anakayang'ana, kenako nkundiyang'ana ine. "Adadi, munavota chani?" Anafunsa mu Chingelezi chake chija cha ku Glasgow chomwe agogo ake ku Ntcheu amati mwanayu amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa.

Ndinati voti ndi chinsinsi, ngakhale kwathu timatero. Iye anangoti "nde kuti munavota No," nkubweza kakhadiko mu envelopu, ulendo kuchipinda kwake. Mwana wa zaka 16 ameneyo. Ine ndinatsala pa kapeti mapepala ali mbwee, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi ikundilondalonda ngati wa katapila, nde ndati ndingoilemba mwina ingandisiye.

Mkamwini apatsidwa pensulo

Ndinafika ku Scotland mu 2008 ndipo monga ambiri a ife ndinagwera mu ntchito yosamalira okalamba, ija yoyenda khomo ndi khomo, mmawa kukasambitsa, masana kukamwetsa mankhwala, usiku kukagoneka. Ndale za kuno sindinkazilabadira. Mutu wanga unali pa viza, lendi, ndi fizi ya azing'ono anga awiri omwe anali ku sekondale.

Nde mu October 2012 David Cameron, nduna yaikulu ya UK, ndi Alex Salmond, mtsogoleri wa boma la Scotland, anasainirana ku Edinburgh kuti rifarendamu ichitike, funso limodzi basi, kodi Scotland ikhale dziko loima palokha, yankha inde kapena ayi. Ukwati womwe unamangidwa mu 1707 ukaikidwe pa bwalo. Chomwe chinatidabwitsa enafe ndi nkhani ya yemwe ali ndi ufulu wovota. Sanayang'ane magazi, sanafunse komwe mchombo wako unakwiriridwa, anangoyang'ana komwe ukugona. Ngati ukukhala ku Scotland movomerezeka ndipo ndiwe nzika ya Britain, ya dziko la mu EU kapena la mu Commonwealth, kalembetse. Malawi ili mu Commonwealth. Ana a zaka 16 ndi 17 nawonso anawatsegulira. Koma munthu wobadwira ku Dundee amene anatsikira ku Manchester kukasaka ntchito, ameneyo angoonera pa TV, ndipo anthu otere, obadwira ku Scotland koma okhala mbali zina za UK, analipo pafupifupi 800,000.

Kwathu mkamwini amalima, amamanga nkhokwe, amabereka ana pamudzipo, koma ukabuka mlandu wa malire a munda amakhala kumbuyo nkumangomvera. Kuno mkamwini anamupatsa pensulo nkumuuza kuti lemba malirewo ndiwe.

Mdzukulu wa odana ndi chitaganya

Poyamba sindinavutike nkomwe kusankha. Ndine mdzukulu wa munthu amene mawu oti chitaganya ankawatchula ngati akulavula nthanga ya tsabola. Agogo anga aamuna a ku Lizulu anagwirako ntchito ya m'dimba la mzungu ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo anabwerako ndi njinga, jekete limodzi, ndi mkwiyo womwe anapita nawo kumanda mu 2003. Madzulo akakhuta ankayamba. Za 1953, mmene anatimangirira kwa ma Rhodesia awiri anthu akukana poyera, mmene mafumu anayendera ulendo wonse wa ku London kukadandaula nkubwerako osaonana ndi Mfumukazi, mmene Inkosi Gomani anaichotsera pampando chifukwa chouza anthu ake kuti asamvere boma. Za 3 March 1959, Kamuzu kumutengera ku Gwelo, anthu kuwaombera ku Nkhata Bay. Ndipo nthano yawo inkathera malo amodzi nthawi zonse, pa 31 December 1963, chitaganya kufa, ndipo apa ankamenya ndodo pansi.

Nde ine poona timabaji ta buluu ta Yes pa majekete a anthu mu basi ndinkangoti awa ndi abale anga, London ndi Salisbury wawo. Komanso a Church of Scotland anatiimira kumbuyo nthawi ya chitaganya ija, izo nzoona, nde ndinkaona ngati ndapeza mpata wobweza ngongole. Chilimwe cha 2014 Glasgow inkawira. Kunali masewero a Commonwealth, ma Queens athu anabwera nkumaliza pa nambala 5, tinakawachemerera mpaka mawu kusasa, ndipo masewero atatha mzinda wonse unangolowa mu ndale, pa basi sitopu, mu shopu ya tchipisi, pometetsa tsitsi, anthu omwe sanavotepo chibadwire akukangana za mafuta a mu North Sea ndi ndalama yomwe dzikolo lizidzagwiritsa ntchito. Sindinaonepo zotere, mwina kupatula 1993 nthawi ya nyali ndi tambala, koma apo ndinali mwana.

Amene anayamba kundigwetsa mphwayi ndi mnzanga wina wa ku Chiradzulu yemwe timapemphera limodzi. Anati aise, usamawaone ngati anzathu oponderezedwa anthuwa. Kampani ya Mandala inabadwira mu Glasgow momwemuno mu 1878. Esiteti ya Bruce ku Magomero, komwe azigogo ake ankagwira thangata, eni ake anali a ku Edinburgh, ndipo Livingstone uja anthu a Chilembwe anamudula mutu mu 1915 anali wa konkuno. Anadyera limodzi ndi Angelezi mbale imodzi zaka zonsezi, lero ndiwo zatha akuti mbaleyo si yawo. Ndinamutsutsa, tinakanganako pa khomo la tchalitchi mpaka akazi athu anatisiya, koma mawuwo anandikhala penapake.

Madala a pa fulati ya pansi

Panali madala ena omwe ndinkawayendera kanayi pa tsiku, a zaka za m'ma 80, omwe moyo wawo wonse anali owotcherera zitsulo kopangira sitima zapamadzi mu mtsinje wa Clyde. Manja awo anali ndi timabala toyera ta moto mpaka m'zigongono. Sabata yanga yoyamba pakhomopo ndinawafunsa ngati akufuna tiyi, iwo anati "aye", ine nkutsuka kapu nkuika m'kabati. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anandifunsa kuti kodi kwanuko tiyi mumangofunsa osapanga? Mpamene ndinadziwa kuti aye wa kuno ndi inde, ndipo nditawauza kuti kwathu ayi ndi kukana anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kuyambira pamenepo akafuna kundinyanyula ankati "aye wanga, osati wako." Tinagwirizana kwambiri madala amenewa. Nkhani za agogo anga zonse ndinawafotokozera ndikuwameta ndevu.

Iwo anali a No, osabisa. Anavota kale kudzera pa positi, envelopuyo ndinakaponya ndine mu bokosi lofiira la pa kona.

Lachitatu usiku, pa 17 September, ndinapita kukawagoneka cha m'ma 9 koloko ndipo ndinapeza galimoto yachilendo panja, mbendera ya buluu ya mtanda woyera ili pa galasi lakumbuyo. Anali mwana wawo wamwamuna, bambo wa zaka za m'ma 50, yemwe anachoka ku Glasgow kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ntchito zitasowa nkukakhazikika ku Leeds. Anayendetsa ulendo wonsewo kuti angokhalapo. Masana anali ku George Square komwe a Yes anadzadza, mawu ake anali atasasa ngati anga a nthawi ya ma Queens.

Ndinalowa ku khitchini kukatereka ketulo ndi kuwerenga mapilisi a usiku, iwo ali pa tebulo kumbuyo kwanga akukangana, ndipo zinkaoneka kuti ayamba kalekale. Mwanayo ankati mu 1707 anthu wamba sanafunsidwe, anasaina ndi akuluakulu a nyumba ya malamulo omwe ndalama zawo zinamira ku Darien, komwe Scotland inayesa kukhazikitsa koloni nkulephera, ndipo London inawalonjeza kuwabwezera, mpaka m'misewu ya Edinburgh ndi Glasgow munabuka zipolowe. Ankati mabomba a nyukiliya a Britain yense anawaika ku Faslane, pakhomo pa Glasgow penipeni, bwanji sanakawaike mu Thames. Ankati pa aphungu 59 a ku Scotland wa Conservative ndi mmodzi yekha, koma ndi amene akulamula. Anatchula msonkho uja wa pamutu womwe Thatcher anayambira kuuyesa kuno mu 1989 chaka chathunthu usanafike ku England.

Madala sankakweza mawu, mpweya wake analibenso. Iwo nkhani yawo inali 1971, boma litafuna kutseka malo opangira sitima aja, antchito motsogozedwa ndi a Jimmy Reid ndi anzawo nkukana kutuluka, nkumapitiriza kugwira ntchito okha. "Ndalama zomwe zinkatidyetsa miyezi ija zinkachokera kuti? Kwa anthu a m'migodi, kwa anthu a m'madoko, ku England konko. Wowotcherera wa ku Govan m'bale wake ndi wowotcherera wa ku Newcastle, osati bwana wa ku Edinburgh." Kenako za penshoni, za paundi yomwe nduna ya zachuma ya UK George Osborne anali atanena mu February kuti simudzagawana nafe, za sitima zankhondo zomwe ndi zokhazo zatsala kupangidwa mu Clyde, kuti ukachoka akakupatsanso ntchito imeneyo ndani.

Ndinaika tiyi ndi tositi pa tebulo. Mwanayo anandithokoza, kenako ngati wangokumbukira, anandifunsa ngati ndinalembetsa. Ndinati eya.

Munangoti zii. Anayang'ana yunifomu yanga, baji ya dzina langa lomwe sakanatha kulitchula, kenako anaseka kaseko kopanda chimwemwe. Sanandinyoze, ndinene zoona, ndipo mwina zikanandipepukira akanandinyoza. Anayankhula mofatsa. "Ine ndinabadwira msewu uno. Mayi anga ali m'manda a kuseri uku. Mawa ndilibe voti, inu muli nayo. Ndibwerekeni. Inuyo tsiku lina mudzabwerera kwanu, ine adzandiika kuno. Kandivotereni Yes."

Mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu wamkulu, mwini mudzi, wakupempha pamaso pa bambo ake, sungati ayi. Komanso ndimati ndivota Yes kale, nde panalibe chovuta. Ndinayamba kugwedeza mutu, pakamwa patatuluka kale "chabwino."

Madala anamenya kapu pa tebulo, tiyi nkutayikira pa tositi.

"Musiye. Uyu amabwera pakhomo pano kanayi pa tsiku, iwe kanayi pa chaka. Amakwera basi kusanache, amalipira msonkho wa khonsolo, mwana wake wayamba sukulu yomwe unaphunzira iwe. Voti ndi yake." Anapuma kaye, chifuwa chikulira, nkutembenukira kwa ine. "Iwe mwana wanga, kavote Yes, kavote No, zako zimenezo. Koma usakavotere uyu. Usakavotere ine. Usakavoterenso agogo ako, anamaliza nkhondo yawo."

Mwanayo anadzuka nkupita kukasuta panja. Ine ndinapukuta tebulo, nkupanga tositi ina.

Ndikuwagoneka, nditawakweza miyendo pabedi nkuwafunditsa, anandigwira dzanja. Anafunsa kuti kodi nthawi ya chitaganya chanucho, anthu anakufunsani? Ndinati ayi. Anati ayi uti, wako kapena wanga? Ndinati wanga, abambo, sanatifunse. Anakhala chete pang'ono maso ali kudenga. "Ife akutifunsa," anatero, nkundiuza kuti ndizimitse getsi.

Usiku wowerengera

Ndinafika kunyumba cha m'ma 11, mkazi wanga ndi mwana atagona. Ndinakhala pa khitchini ndi sutikesi yomweyi. Madala aja anali atandilanda chinthu chomwe ndinkabisalamo. Miyezi yonse ija ndinkavota ngati mdzukulu wa agogo, ngati mlendo wabwino wothandiza eni mudzi pa mlandu wawo, ndipo mlendo savutika chifukwa mawa lake amanyamuka. Tsopano andiuza kuti ndine wa pano, ndivotere za ine, nde za inezo ndi ziti?

Za ine zinali mu sutikesimo. Viza yanga inkatha mu 2015 ndipo ndinali ndikusonkhanitsa mapepala opempha chilolezo chokhazikika, zaka zonse ndikuwerenga masiku, kusunga kalata iliyonse, mapeyisilipu onse mu dongosolo lake. Mapepala amenewo anali a UK. Boma la Salmond linkati Scotland ikaima payokha, pa 24 March 2016 malinga ndi dongosolo lawo, malamulo olowera m'dziko adzakhala ofewerapo chifukwa dzikolo likufuna anthu, ndipo kunena chilungamo, pa nkhani ya ife obwera a Yes ankayankhula mokoma kuposa a ku London. Koma zaka zomwe ndawerengazi adzaziwerenga ndani, ofesi yake iti, kuyambira liti? Ndipo mwezi uliwonse ndinkatumiza mapaundi ku Ntcheu, fizi ya ana awiri ndi feteleza wa amayi zinkadalira kuti paundiyo ikhale paundi. Pa 7 September kafukufuku wina atangoonetsa Yes ili patsogolo ndi 51 peresenti, paundi inatsika, ndipo ine ndinaziona pa foni ndisanamve pa nkhani.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwambi umenewu ankaukonda ndi agogo omwewo, nde musandifunse kuti akanakhala iwo akanatani.

Lachinayi

Kunacha ndi chifunga. Ndinapita nditamaliza makomo a mmawa, pa sukulu ya pulayimale, mu holo yonunkha polishi ndi chakudya cha ana. Mzere unalipo koma wosakhalitsa. Mayi wina anapeza dzina langa m'kaundula, nkulidula ndi rula, nkundipatsa pepala. Kapepala kakang'ono zedi, funso la mzere umodzi, timabokosi tiwiri. Pensulo yomangidwa pa chingwe, yaifupi, yolumidwalumidwa ndi ena omwe anaima pamenepo ine ndisanafike.

Ndinaima nthawi yaitali moti bambo wa m'kachipinda koyandikana nako analowa nkutuluka, wina nkulowanso. Kenako ndinaika mtanda pa No.

Potuluka, pa geti, kamtsikana ka yunifomu ya sukulu, mwina ka zaka 16, kanandithamangira nkundimata sitika ya Yes pa jekete, kakumwetulira, nkunena zikomo. Sindinaichotse. Ndinayenda nayo tsiku lonse, ndinalowa nayo kwa madala masana, mwana wawo anaiona nkundigwira paphewa mwamphamvu osanena kanthu. Madala anaiyang'ana sitikayo, anandiyang'ana ine kumaso, nkupempha tiyi. Pa zonse za tsiku limenelo chimene chimandiwawa mpaka lero si mtanda uja ayi, ndi sitikayo.

Zotsatira munazimva. No 2,001,926, Yes 1,617,989, kapena kuti 55.3 kwa 44.7 peresenti, ndipo anthu 84.6 pa 100 aliwonse olembetsa anavota. Glasgow inavota Yes, pamodzi ndi Dundee, North Lanarkshire ndi West Dunbartonshire, makhonsolo 4 pa 32. Nde mu mzinda wanga ndinali mbali yoluza, m'dziko lonse mbali yopambana, ndipo konseko sindinamve kukoma.

Lachisanu mmawa ndinapeza mwana uja atakhala mu galimoto panja, injini yozima, maso ofiira. Mbendera anali ataichotsa. Madala mkati sanasangalale olo pang'ono, phala lawo la oti anangodya masipuni awiri, nkumangofunsa ngati mnyamatayo wadya. Masana Salmond analengeza kuti akutula pansi udindo. Madzulo ku George Square kunabuka chisokonezo, magulu a mbendera za Britain akuyatsa moto wamitundu ndi kutukwana, apolisi a pa mahatchi ali pakati, ndinaimbira mkazi wanga kuti asadutsire m'tauni pochokera ku ntchito.

Aliyense anapeza "ndinanena" wake

Mapepala anga anatuluka mu 2015. Azing'ono anga anamaliza sukulu. Nde fodya wa pamphuno uja ndinamufwenthadi, sindinganame kuti ndinaluza.

Mafuta omwe ankagulitsidwa madola oposa 100 pa mgolo pakati pa 2014 anagwa mpaka kufika cha m'ma 30 kumayambiriro kwa 2016, a No nkumati mwaona, mukanadya chani. Kenako pa 23 June 2016 inabwera voti ya Brexit. Pa kampeni ya 2014 a No ankatiuza kuti njira yokhalabe mu EU ndi kukhala mu UK. Scotland inavota 62 peresenti kuti ikhalebe, makhonsolo onse 32 osatsalako ndi imodzi yomwe, koma inatuluka basi chifukwa England ndi Wales anatero. Mnzanga wa ku Poland yemwe tinkasinthana naye mashifiti, amene naye anavota No mu 2014 poopa zomwezo za mapepala, analongedza nkubwerera kwawo patapita chaka. Iyeyo fodya wake anauluka ali pamphuno pomwe.

Madala anamwalira mu 2017 nthawi yozizira. Za Brexit sankafuna kuzikamba, ukaziyamba ankakweza TV.

Chomwe chinandisuntha ine kwenikweni chinabwera mochedwa, pa 23 November 2022, khothi lalikulu la UK litagamula kuti nyumba ya malamulo ya Scotland ya ku Holyrood ilibe mphamvu yoitanitsa rifarendamu ina popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo ya UK ya ku Westminster. Nicola Sturgeon, yemwe analowa m'malo mwa Salmond, anapempha, London inakana, ndipo amakumbutsa kuti Salmond yemwe ananena kuti mwayi wa 2014 unali wa kamodzi pa m'badwo. Mwalamulo mwina akulondola, ine si loya. Koma ndinamva nkhaniyi pa wailesi ndili mu galimoto pakati pa makomo awiri ndipo chomwe chinandibwerera ndi mawu a madala ali pabedi, ife akutifunsa. Iwo No wawo anamuponya akukhulupirira kuti ali mu ukwati woti ukatopa umapita kwa ankhoswe nkukanena. Tsopano zaoneka kuti kwa ankhosweko umapita pokhapokha mwamuna akuloleze, ndipo tsiku lake amasankha ndi iyeyo. Sindikudziwa kuti madala akanati chani. Ine zinandinunkhira Salisbury, koyamba, patatha zaka 8 chivotereni, pamene mu 2014 ndinkangodzinamiza kuti ndikumva fungolo.

Izi sizikutanthauza kuti ndasanduka wa SNP, chipani chomwe Salmond ndi Sturgeon ankatsogolera, ayi ndithu. Chipani chimenecho chinatenga mipando 56 pa 59 mu 2015, pofika 2024 chinatsala ndi 9, ndipo zina mwa zomwe chinagwera ndi zodzipangira chokha. Funso la ndalama silinayankhidwebe bwinobwino, ndipo pano pawonjezekera la malire ndi England ngati Scotland itabwerera mu EU. Koma chipani kugwa, anthu ofuna kudziimira sanachepe, akafukufuku akafunsa dzikoli limangogawanika pafupifupi pakati, chaka ndi chaka.

Ndiulule kanthu kena kochititsa manyazi. Chaka chomwecho cha 2014, zisankho za May zitadutsa, andale ena a kumpoto kwathu anayamba kukamba za federo, ena mpaka za kudzipatula. Ine yemwe ndinkayenda ndi mtima wa Yes mu Glasgow ndinalemba pa Facebook kuti amenewo ndi adyera ofuna kugawa dziko, atsekeredwe. Mlamu wanga wa ku Rumphi anangoyankha kuti "a Scotland okha ndi amene ali ndi zifukwa eti?" Ndinafufuta positiyo, koma iye sanaiwale, amandikumbutsabe tikakumana pa Khirisimasi.

Nambala ya ku Leeds

Pa maliro a madala mwana wawo anandiika kutsogolo, mzere wa achibale. Titatuluka anandipatsa kapu ija, yomwe inamenyedwa pa tebulo, ili ndi kamng'alu pa chogwirira, nkunena kuti bambo ankati ndinu nokha amene mumadziwa kupanga tiyi. Kenako anati sanaiwale zomwe ndinamuchitira tsiku lija, kuti pa mavoti 1,617,989 aja amadziwa kuti imodzi inali yake. Ndinangoti zikomo, pepani ndi maliro.

Sabata yatha ndinagogoda kuchipinda kwa mwana wanga nkumufotokozera zonsezi, kuyambira tiyi mpaka sitika. Iye analembetsa kale m'kaundula, poti kuno zisankho za Holyrood ndi za makhonsolo amavota kuyambira zaka 16. Ndimayembekezera kuti andiweruza pa No uja. Za No sanazitengere nkomwe, anati aliyense anali ndi mantha ake. Chomwe anafunsa nchakuti bambo a ku Leeds aja munawauza?

Ndinati ayi.

"Nde muwauze."

Nambala yawo ikadali mu foni yanga, ndinaisunga ndi dzina loti Mwana wa Madala Leeds. Uthenga ndaulemba kawiri, kuufufuta kawiri. Satifiketi ija tinaipeza mu Baibulo la amayi ake, pa Masalimo.